Kalata ya Dokotala Ili m'Chitini cha Mbewu

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala kumudzi kufupi ndi Madzimoyo. Sukulu ndinalekeza giredi seveni, choncho mundikhululukire ngati kalata yanga ili yokhotakhota. Kulankhula pamaso pa anthu sindimatha, ngakhale kukwaya ndimaima kumbuyo kwenikweni. Koma kulemba ndimayesako, ndipo nkhani iyi ndilibe woti ndimuuze. Maina onse ndasintha.

Atate anga ali ndi khansa ya chiwindi. Dokotala anandiuza kuti mankhwala amene ankalandira aleka kugwira ntchito. Papita milungu isanu ndi umodzi chindiuzire, koma atate sakudziwa, amayi sakudziwa, ngakhale mchimwene wanga Edimondi sakudziwa. Sindinawauze chifukwa ndikuganiza kuti amene anaononga mankhwalawo ndine.

Ndiyambe poyambira kuti mundimvetse.

Kwathu timalima nsawa, makamaka za mtundu wa Chalimbana. Nthawi yoswa ikafika timaziwaza madzi pang'ono n'kuzifunditsa thumba kuti makoko afewe, zala zisachite matuza. Tikaswa timasankha. Zazikulu ndi zosalala zimalowa m'matumba opita kwa ogula. Zofota, zosweka ndi zakuda zimalowa m'dengu la pakhomo, ndipo izo ndiye timasinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala. Sindikudziwa nyumba m'mudzi mwathu imene imachita mosiyana. Ndani angadye nsawa zogulitsa?

Wosankha pakhomo pathu ndine, kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Atate amanditcha "mayi" chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Ogula akabwera, iwo amamasula thumba monyadira n'kunena kuti, "Pisani dzanja mpaka pansi. Maso a mayi wanga sadutsitsa nsawa yoipa." Thumba lathu silinabwezedwepo. Ndilibe zambiri zimene anthu amandiyamikira, Aphungu. Chimenechi ndiye chinali changa.

Chaka chatha titakolola, atate anayamba kuonda, mimba n'kumatupa cha kumanja. Kuchipatala ku Chipata anawajambula m'mimba, kenaka anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Amayi sangathe ulendo wautali chifukwa cha miyendo, choncho woperekeza ndinali ine. Tinkafikira kwa Edimondi amene amagwira ntchito yaulonda kumeneko.

Dokotala wathu anali mzimayi wachitsikana, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anati opaleshoni singatheke chifukwa zotupa ndi zingapo, koma pali gulu la kafukufuku limene likupereka mankhwala atsopano a dripi pa milungu itatu iliyonse. Anawafotokozera atate kuti, "Awa si mankhwala opha khansa ayi. M'thupi mwanu muli asilikali anu. Khansa yawanyengerera kuti agone. Mankhwalawa ntchito yake n'kuwadzutsa."

Atate anaseka, koyamba pa miyezi iwiri. Anati, "Adokotala, asilikali anga ndi Angoni. Mukawadzutsa muthawiretu."

Tikutuluka, dokotala uja anandigwira phewa n'kunena kuti, "Uziwadyetsa bwino, asaonde." Mawu amenewo ndinawasunga. M'mawa uliwonse ndinkaphika phala la mgaiwa n'kuthira nsinjiro masupuni atatu odzadza. Nsinjiro za m'dengu lija. Ngakhale popita ku Lusaka ndinkanyamula zanga m'botolo, kuti atate asaphonye ngakhale tsiku limodzi.

Ndipo zinayenda, Aphungu. Atalandira dripi yachitatu mimba inaphwa, anayamba kupempha chakudya okha. Mu Disembala anayenda pambuyo pa ng'ombe n'kulima munda wa kudambo. Atawajambulanso anati zotupa zachepa. Aliyense wobwera kudzawaona ankamuuza kuti, "Theka ndi dokotala, theka ndi phala la mayi wanga."

Nthawi yomweyo ndi pamene inayamba nkhani ya suti. Makolo anga anakwatirana pachikhalidwe zaka 31 zapitazo, ukwati wawo sunadalitsidwe kutchalitchi. Chifukwa cha icho salandira Ukaristia. Lamulungu lililonse anzawo akanyamuka kupita kutsogolo, iwo amatsala pabenchi. Amayi amawerama ngati akufuna chinthu m'buku lawo la nyimbo, koma ine ndimaona. Atate chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Atayamba kupeza bwino anapita okha kwa akatekisiti, ndipo maphunziro a ukwati anamaliza onse awiri. Kenaka anagula suti yotuwa pa salaula, pamene amagulitsa zovala zakale, kumsika wa Kapata. Anagula ya msinkhu wa thupi lawo lakale.

Atavala, amayi anaseka mpaka misozi. "Atate a Edimondi, mwagula suti kapena tenti?"

Iwo anati, "Ketilina, ndakudikiritsa zaka makumi atatu. Sindikaima pambali pako ngati mtengo wovekedwa nsanza woopsezera anyani. Ndimalize mankhwala, ndinenepe, mu Okutobala tikadalitse."

Mu Epulo anayambanso kufooka. Tinkati mwina ndi ntchito yokolola. Ndiye mu Meyi kunabwera alangizi a zaulimi kudzachititsa msonkhano pa shedi ya kopaletivi. Amayi anandituma ine. Alangiziwo anatapa nsawa m'dzanja, zofota ndi zakuda, zofanana ndendende ndi za m'dengu langa. Anati, "Zabwino mumagulitsa, izi mumadya nokha. Umu muli chuku, ndipo chuku chimasiya poizoni amene sachoka ngakhale mukazinge kapena muphike. Kuwaza madzi kuja ndiye kumachichulukitsa. Poizoniyu amaononga chiwindi pang'onopang'ono, amabweretsa khansa, amafooketsanso asilikali a m'thupi."

Amayi ena anaseka. Wina anakuwa kuti, "Ndiye titaye? Inu alangizi mwakula ndi chiyani, mabisiketi?" Onse anaseka, alangizi omwe. Ine sindinaseke.

Patapita milungu iwiri tinapita ku Lusaka. Anawajambula. Tsiku lotenga zotsatira, atate atapita kukatengedwa magazi, dokotala anandiitana ndekha. Anati, "Zotupa zakulanso, ndipo zatuluka zina zatsopano. Asilikali aja atopa, khansa yapeza njira yowazembera. Dripi sitipitiriza, tsopano ingowavutitsa chabe." Analemba kalata yoti tikapereke kuchipatala ku Chipata, kuti atate azilandira mankhwala amphamvu a ululu ndi chisamaliro kufupi ndi kwathu. Kenaka anandifunsa kuti, "Uli ndi funso?"

Funso linali pakamwa penipeni. Ndinkafuna kufunsa ngati phala langa ndi limene latopetsa asilikaliwo. Koma ndinangoyang'ana nsapato zake. Anafunsanso kuti, "Akabwera tiwauze limodzi?" Ine ndinati, "Ayi, ndikawauza kunyumba amayi alipo." Analemba nambala yake ya foni kumbuyo kwa envelopu, n'kunena kuti ndisachedwe.

M'basi atate anandifunsa zimene dokotala ananena. Ndinati, "Akuti mupume kaye, adzatiitana." Anangoti, "Chabwino, mayi," n'kuyang'ana pawindo. Pa mlatho wa Luangwa anatsika n'kugulira amayi nsomba zouma monga mwa masiku onse.

Kalata ija ndinaiika pansi m'chitini cha nsawa zambewu, chifukwa chimenecho sichitsegulidwa mpaka mvula. Nsawa za m'dengu ndinazikwirira kuseri kwa khola kuti ngakhale nkhuku zisadye. Amayi atafunsa ndinati zinalowa anankafumbwe. Anandikalipira kuti ndaononga chakudya. Kuyambira tsiku limenelo sindinathirenso nsinjiro m'phala la atate. Ndimaopa nsawa iliyonse, ngakhale yabwino. Phala loyera amangolawa masupuni awiri n'kukankhira mbale uko. Tsiku lina anati, "Kodi mayi, nsinjiro nazonso zikudikira kuitanidwa ku Lusaka?" Anaseka, koma maso awo sanachoke pa ine.

Ululu ukukula. Sadandaula, koma akakhala pampando amagwira kumanja kwa mimba, ndipo akamadzuka amaluma mano. Timawapatsa panado basi. Ndikudziwa kuti mankhwala owathandiza ali m'kalata imene ndinabisa. Mnansi wathu wina akuti kukomboni ya Navutika ku Chipata kuli munthu wogulitsa mabotolo a mankhwala owonjezera asilikali a m'thupi, ndipo amayi ayamba kunena kuti tiyese podikira kuitanidwa.

Chimene chandilembetsa kalatayi chinachitika Lamulungu lapitali. Titabwera kutchalitchi atate anandituma kuti nditulutse suti ija ipitidwe mphepo. Ndisanaipachike pachingwe anati ayese jekete. Mapewa ake anagwera m'mikono, manja awo osaoneka n'komwe. Anaima choncho pakhomo, kenaka anati, "Mayi, Okutobala ali kutali, eti?"

Ndinati, "Sali kutali, atate."

Kenaka anati, "Ukanena iwe ndiye kuti ndi zoona. Iwe sunandinamizepo."

Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kulira nditaluma chitenje kuti asamve.

Aphungu, ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Kodi ndine ndinadwalitsa atate ndi nsawa zimene ndinkasankha? Kodi phala langa ndi limene linapha mphamvu ya mankhwala? Ndikawauza za kalata, ndinenenso za nsawa? Anthu kuno amati wodwala ukamuuza kuti mankhwala akanika, amafa msanga ndi maganizo. Ndikuopa kuwauza, ndikuopanso kuti Okutobala adzafika iwo kulibe, amayi n'kutsala pabenchi paja okha. Sindikudziwa kuti ndiyang'ane bwanji nkhope ya amayi akadzamva. Ndithandizeni.

T. J., Madzimoyo, Chipata


Mwana wanga T. J.,

Kalata yako si yokhotakhota. Ndaimva yonse, ndipo wapempha zoona, choncho ndikupatsa zoona. Ine si dokotala, ndiye ndisanakuyankhe ndinakhala pansi ndi dokotala amene amasamalira odwala khansa, ndinamuwerengera mafunso ako.

Funso lalikulu poyamba. Phala lako silinaphe mphamvu ya mankhwala. Dokotala anandiuza kuti mankhwala odzutsa asilikali a m'thupi sathandiza aliyense wodwala khansa ya chiwindi. Ambiri sawathandiza kuyambira pachiyambi. Ena amawathandiza miyezi ingapo kenaka n'kuleka, monga zachitikira atate ako. Zimenezi zimachitika ngakhale kumaiko akutali, kwa anthu amene sanaonepo dengu la nsawa zofota.

Chifukwa chake iwe mlimi uchimva msanga. Mukapopera mbozi za m'chimanga, zambiri zimafa, koma zochepa zolimba zimatsala. Zotsalazo ndi zimene zimaswana, ndipo mukadzapoperanso mankhwala omwewo sizigwedezeka. Khansa imachitanso chimodzimodzi. Asilikali atadzuka anapha mbali ya chotupa imene ankaizindikira, n'chifukwa chake atate ako analima mu Disembala. Inatsala mbali imene imadziwa kubisa zizindikiro zake, ndipo ndi imene yakula. Chotupa chimathanso kukopa tizigawo tina ta thupi lomwelo kuti tizitonthoza asilikaliwo, ndipo asilikali akamenya nkhondo miyezi yambiri osapuma amafooka. Kutopa kumene ananena dokotala wanu ndi kumeneko. Si njala, si phala. Onjezerapo kuti chiwindi mwa chilengedwe chake ndi malo amene asilikali amayenda mofatsa, chifukwa zonse zimene timadya zimadutsa mmenemo ndipo sangamenyane ndi chilichonse. Khansa imapezerapo mwayi. Anthu ophunzira kwambiri akufufuzabe momwe angatsekere njira zimenezi, ndipo sanamalize. Usadzisenzetse wekha chinthu chimene chikuwavuta iwowo.

Tsopano za chuku. Sindikunyengerera: alangizi aja ananena zoona. Poizoni wa chuku akamadyedwa zaka zambiri amaononga chiwindi ndipo amatha kuthandizira khansa, makamaka mwa munthu amene ali ndi kachilombo ka matenda a chiwindi otchedwa hepatitisi B, kamene ambiri amakhala nako osadziwa kuyambira ubwana. Koma palibe dokotala amene angaloze mbale imodzi, kapena dzanja limodzi, n'kunena kuti khansa iyi inachokera apa. Atate ako anayamba kudya nsinjiro za m'dengu iwe usanabadwe, m'nyumba ya amayi awo amene unatenga dzina lawo. Iwe unapatsidwa lichero uli ndi zaka zisanu ndi zinayi n'kuuzidwa kuti izi uku, izo uko. Unachita zimene mudzi wonse umachita, ndipo utamva kuipa kwake unakumba dzenje n'kukwirira. Pamenepo palibe mlandu.

Pamene ndikudzudzule ndi pena. Kalata ili m'chitini ija ikuwapweteka atate ako lero lino. Nsawa zakale sungazibweze, koma ululu wa sabata ino uli m'manja mwako. Munthu akuluma mano podzuka pampando pamene mankhwala ake analembedwa kale. Ichi ndiye chokonza, ndipo sichidikira mvula.

Ukuti ukuopa kuti akamva adzafa ndi maganizo. Werenganso kalata yako. Munthu amene walima zaka zonsezi amadziwa mbewu ikayamba kufota. Anakufunsa ngati nsinjiro nazo zikudikira kuitanidwa. Anavala jekete n'kukufunsa ngati Okutobala ali kutali. Ine ndikuona bambo amene akudziwa kale, koma akuona mwana wake akuvutika ndipo sakufuna kumukakamiza. Iwe ukuwabisira kuti uwateteze, iwo akukhala chete kuti akuteteze, ndipo aliyense akulira kumbali yake ya nkhokwe. Choonadi chonenedwa mwachikondi sichifupikitsa moyo. Chimene chimathetsa munthu mphamvu ndi ululu wopanda mankhwala, kusadya, ndi kusowa womuuza zimene zili mumtima.

Uchite motere. Yamba ndi foni. Nambala ili kumbuyo kwa envelopu, ndipo dokotala analemba kuti uigwiritse ntchito. Poti kulankhula kumakuvuta, lemba mafunso ako papepala monga wandilembera ine, n'kungowerenga. Umufunse za phala kuti umvenso kuchokera pakamwa pake. Umufunse ngati pali mankhwala ena amene chiwindi cha atate chingathe kupirira, ngati anawayeza hepatitisi B, ndiponso ngati angalole kulankhula nawo pafoni mukadzawauza.

Kenaka uza amayi ako, muli awiri, masana, pamalo poti akhoza kulira momasuka. Mwina adzakalipa kuti unabisa. Uwalole akalipe, ndi ufulu wawo, ndipo mkwiyo wa mayi wotere sukhalitsa. Edimondi umuimbire tsiku lomwelo. Katunduyu ndi wa banja lonse, wamusenza wekha mokwanira.

Atate ako muwauze muli awiri ndi amayi. Usakonze mawu ambiri. Ungoti, "Atate, ndinakunamizani m'basi muja chifukwa ndinkaopa. Dokotala anati mankhwala aleka kugwira. Kalata yake nayi." Ukatero ukhale chete, uwasiye afunse zimene akufuna kudziwa, ndipo usawauze zoposa zimene afunsa. Za nsawa unenenso, koma osati ngati munthu woulula tchimo. Unene ngati mwana amene waphunzira chinthu chopulumutsa a m'nyumba mwake. Bambo amene ankauza ogula kuti apise dzanja mpaka pansi sadzakuona ngati mdani. Ndikuganiza kuti chimene chidzawapweteke kwambiri n'kumva kuti unalira wekha milungu isanu ndi umodzi.

Mawa lake kalata ipite kuchipatala ku Chipata pamodzi ndi mwini wake. Kuleka dripi sikutanthauza kuti madokotala awataya. Pali mankhwala amphamvu a ululu, pali njira zochepetsera kutupa kwa mimba ndi mseru, ndipo mufunse ngati kuli anamwino kapena a mpingo oyendera odwala kumudzi. Akakupatsani mankhwala a ululu otchedwa mofini musaope, akamwedwa monga mwauzidwira sapha munthu, amamupatsa tulo ndi mpata wocheza ndi banja lake. Panado nayenso mumufunsire, chifukwa chiwindi chodwala sichifuna mankhwala omwa mongoganiza. Mukadzaona akusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kapena akusokonezeka mutu, musadikire, thamangani nawo. Muli komweko, iwe, amayi ndi Edimondi mukayezetse hepatitisi B. Amene alibe pali katemera, amene ali nako pali chithandizo.

Pakhomo, kuwaza madzi poswa kuthe. Ziume bwino, musunge pouma, ndipo zofota, zakuda ndi zowawa musadye, musapatsenso ziweto. Ukapeza mphamvu udzauzeko mnzako mmodzi. Sukusowa kuima pa shedi ya kopaletivi, azimayi amamverana bwino ali pamphasa akuswa.

Chenjezo langa ndi ili: botolo la ku Navutika lisalowe m'nyumba mwanu. Chilichonse chimene atate angamwe chimadutsa m'chiwindi, ndipo chawo chatopa kale. Zosakaniza zosadziwika zikhoza kuwafupikitsira masiku amene atsala. Aliyense amene angakuuzeni kuti ali ndi mankhwala odzutsa asilikali amene madokotala alephera, mumuthokoze n'kumuperekeza.

Ndatsiriza ndi suti, chifukwa ndi imene yandikhala pamtima. Palibe amene angakuuze ngati atate ako adzafika Okutobala. Mwina adzafika, mwina ayi. Koma iwo ndi amene ayenera kusankha chochita ndi masiku awo, ndipo sangasankhe ngati sakudziwa. Maphunziro anamaliza kale. Akalola, pitani kwa akatekisiti ndi kwa bambo mfumu mukafotokoze momwe zinthu zilili. Pa wodwala chonchi ansembe sadikiritsa, ndipo ngati kuyenda kuli kovuta akhoza kubwera kunyumba. Suti yaikulu si vuto, telala aliyense amabweza mapewa tsiku limodzi. Amayi ako adikira zaka 31 kuti anyamuke pabenchi paja, ndipo sanali kudikira munthu wonenepa.

M'mawa wa tsiku limene udzawauze, masula thumba limodzi la zogulitsa, la zazikulu ndi zosalala zimene unasankha ndi maso ako. Utape, usinje, uthire masupuni atatu odzadza. Uwapatse atate ako phala lawo. Akamaliza kudya, katsegule chitini.

Aphungu